Mapanga Awiri Amene Savumbwitsa

Makolo athu anatisiyira mawu akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa zaka zonsezi sitinapezepo chifukwa chowatsutsira. Koma mu mzinda wa New York, m'dziko la America, muli mtundu wina wa anthu ophunzira umene waupeputsa mwambi umenewu. Anthuwa amausa m'phanga la Boma mvula ikamachokera kum'mawa, nathamangira m'phanga la makampani ikatembenukira kumadzulo, ndipo dzuwa likamalowa malaya awo amakhala ali ouma gwaa. Anthu ake ndi maloya amene amayamba ntchito yawo pozenga milandu m'dzina la Boma, kenaka n'kuwoloka msewu kukaimira anthu a mtundu womwewo umene dzulo ankaukokera kukhoti: eni mabanki, akuluakulu a makampani, ndi onse amene pakuba saboola khoma kapena kuthyola loko, koma amangosaina pepala.

Umbava woterewu si wachilendo. Katswiri wina wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu, Bambo Edwin Sutherland, anaupatsa dzina mu 1939, pamene ananena kuti pali milandu ya anthu a kolala yoyera, kutanthauza anthu aulemu wawo amene amapalamula ali pa mpando wa ntchito. Ife kuno tingangoti mbava za tayi. Koma lero sitili pa mbavazo. Tili pa munthu amene amaima pambali pa woganiziridwa umbava woterewu, ndipo tatenga chitsanzo cha loya mmodzi amene mbiri yake ili poyera ndipo anzake amamulemekeza koposa: Mayi Mary Jo White.

Tineneretu, kuopa kuti wina angatiikire mawu m'kamwa: palibe bwalo limene linawapezapo mayiwa olakwa, ndipo ife sitikuwanena za chiphuphu. Zonse zimene tikambe pano anazichita malamulo a dziko lawo akuwalola. Pamenepo ndiye pagona nkhani. Akanakhala munthu wachinyengo, tikanangoti Boma limugwire, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pamene munthu wanzeru, wakhama ndi wosaba achita chinthu chimene mapeto ake ndi kufooketsa chilungamo, ndiye kuti chovunda chili m'kakonzedwe ka ntchitoyo.

Mayi White anabadwa mu 1947, ndipo anatsiriza maphunziro a zamalamulo pa yunivesite ya Columbia mu 1974. Mu 1976 analowa ntchito ku kampani ya maloya yotchedwa Debevoise & Plimpton. Dzina limeneli mulisunge, pakuti khomo lake analowapo kanayi. Mu 1978 anapita ku Boma kukakhala woimira Boma pa milandu ku Manhattan, chigawo chapakati cha New York. Patapita zaka zitatu anachokako, ndipo pofika 1983 anali mmodzi wa eni ake a Debevoise. Mu 1990 anabwereranso ku Boma, ku ofesi ya ku Brooklyn, tsidya lina la mtsinje, kumene anali wachiwiri kwa mkulu wa ofesiyo pa nthawi imene John Gotti, mtsogoleri wa zigawenga za Mafia, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 1992. Mu 1993 Pulezidenti Bill Clinton anawasankha kukhala mkulu wa ofesi ya ku Manhattan, imene m'dera lake muli Wall Street, msika waukulu wa ndalama wa dzikolo. Anali mayi woyamba kukhala pa mpando umenewo, ndipo anakhalapo kufikira kuchiyambi kwa 2002.

Pa zaka zimenezo chipewa tivula. Ofesi yawo ndiyo inazenga mlandu Ramzi Yousef, amene anaphulitsa bomba pa World Trade Center mu 1993. Ndiyonso inazenga mlandu anthu amene anaphulitsa nyumba za akazembe a America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam mu 1998, pamene panafa anthu 224, ochuluka mwa iwo abale athu a mu Africa muno. Anayi anapezeka olakwa mu 2001. Ngakhale mabanki sankagona tulo: mu 1996 banki ya Daiwa ya ku Japan inavomera mlandu wobisa kutayika kwa ndalama zoposa $1 biliyoni, nilipira chindapusa cha $340 miliyoni. Dzina la Mayi White linamangidwa pa milandu imeneyi, ndipo tikumbukire bwino kuti njerwa zake zinali za anthu: apolisi ofufuza amene ankalipidwa ndi misonkho, mphamvu yomanga munthu imene ili ya Boma lokha, ndi chikhulupiriro cha oweruza chimene chimapatsidwa kwa munthu woyankhula m'dzina la dziko.

Koma m'zaka zomwezo munabadwa kanthu kena kamene poyamba kankaoneka kakang'ono. Kampani ya Prudential Securities inali itanyengerera anthu wamba ambirimbiri, okalamba ali momwemo, kuti aike ndalama zawo m'malonda a mafuta amene inkawauza kuti ndi osaopsa, pamene anali oopsa. Mu 1994 ofesi ya Mayi White, m'malo moitengera kampaniyo pamaso pa oweruza, inachita nayo pangano: mlandu ulembedwe koma uimikidwe zaka zitatu, kampani ipereke $330 miliyoni zobwezera obedwa, ilonjeze kusintha khalidwe, ndipo zakazo zikatha mlandu ufafanizidwe. Pangano loimika mlandu loterolo linali lodziwika pa milandu ya ana opulupudza ndi anthu olakwa koyamba pa zinthu zazing'ono. Kulipereka kwa kampani yaikulu ya pa Wall Street kunali kutsegula njira yatsopano, ndipo njirayo inasanduka msewu waukulu umene mabanki ambiri adzeramo kuyambira pamenepo.

Mu 2002 Mayi White anabwerera ku Debevoise kukatsogolera nthambi ya milandu. Tsono tidzifunse funso limene olemba mbiri za maloya otchuka sakonda kulifunsa. Banki yaikulu ikamalipira loya woteroyu ndalama zimene mphunzitsi sangazione m'moyo wake wonse, kodi kwenikweni imagula chiyani? Ngati ndi kudziwa malamulo, New York ndi yodzaza ndi maloya odziwa malamulo. Ngati ndi luso loyankhula pamaso pa oweruza, milandu yambiri ya mtundu umenewu sifika n'komwe pamaso pa oweruza. Chimene chimagulidwa ndi dzina lija lomangidwa ndi njerwa za anthu. Chimagulidwa ndi liwu limene, likamveka pa lamya, mkulu wa ofesi ya Boma amaimirira pa mpando wake asanayankhe.

Izi sitikulota. Mu 2005 akuluakulu a banki ya Morgan Stanley ankafuna kusankha Bambo John Mack kukhala mkulu wa bankiyo. Pa nthawi yomweyo loya wina wa bungwe la Boma loyang'anira msika wa masheya, lotchedwa SEC, dzina lake Gary Aguirre, ankafufuza kampani ya Pequot pokayikira kuti inagula masheya itanong'onezedwa chinsinsi cha m'kati, ndipo ankafuna kufunsa Bambo Mack mafunso atalumbira. Bankiyo inalemba ntchito a Debevoise kuti aone ngati Bambo Mack ali pa mavuto. Mayi White sanalembere kalata Bambo Aguirre, amene anali ndi failo m'manja. Anaimbira lamya mkulu wa nthambi yonse yofufuza milandu ya bungwelo, Mayi Linda Thomsen. Bambo Mack anapatsidwa mpando wawo. Bambo Aguirre, amene anapitiriza kuumirira, anachotsedwa ntchito chaka chomwecho. Bambo Mack anadzafunsidwa mafunso mu 2006, ndipo sanaimbidwe mlandu uliwonse, zimene tiyenera kuzinena poyera. Koma mu 2007 lipoti la aphungu a Nyumba ya Senate linadzudzula mmene SEC inayendetsera nkhaniyo, ndi mmene maloya otchuka amafikira akuluakulu a bungwelo molumpha amene akufufuza. Ndipo mu 2010 bungwelo linalipira Bambo Aguirre $755,000 chifukwa cha kuchotsedwa kwawo. Mmodzi wa mabwana amene ankayang'anira Bambo Aguirre, Bambo Paul Berger, anachoka ku SEC mu 2006. Kodi anapita kuti? Ku Debevoise.

Inu amene mumagwira ntchito m'maofesi a Boma mukudziwa tanthauzo la lamya yolumpha kalaliki n'kukagwera pa tebulo la bwana. Palibe mawu oipa amene amanenedwa. Pamangokhala moni, kufunsana za ana, ndi kafunso kamodzi kaulemu. Koma amene ali pansi amamva mphepo kumene yalowera.

Nkhani yolemera kuposa imeneyi ndi ya kampani ya mankhwala ya Purdue Pharma, ya banja la a Sackler. Mu 1996 kampaniyi inayamba kugulitsa mapiritsi opha ululu otchedwa OxyContin, amphamvu kwambiri, a m'gulu limodzi ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin. Ogulitsa ake ankauza madokotala kuti mapiritsiwa sapatsa munthu chibaba ngati mankhwala ena a mtundu wake. Linali bodza. M'midzi ya anthu osauka ya kumapiri a Virginia ndi madera oyandikana nawo, kumene amuna ambiri anathyoka misana m'migodi ya malasha, anthu anayamba kufa. Maloya a Boma a ofesi yaing'ono ya m'tauni ya Abingdon anafufuza nkhaniyi zaka zingapo, nawerenga mapepala a kampaniyo osawerengeka, ndipo pofika 2006 anali atakonzeka kuimba akuluakulu atatu a kampaniyo milandu ikuluikulu yotengera munthu kundende.

Milandu imeneyo sinafike kukhoti. Maloya a kampaniyo ndi a akuluakulu atatuwo anapita ku Washington, ku likulu la Unduna wa Zachilungamo, kukakambirana ndi mabwana a maloya a ku Abingdon aja, chitseko chili chotseka. Mayi White anali m'gulu limenelo, akuimira Bambo Howard Udell, loya wamkulu wa Purdue. Wina amene ankathandiza kampaniyo pa nkhaniyi anali Bambo Rudolph Giuliani, amene nayenso anakhalapo pa mpando womwe uja wa ku Manhattan kuyambira 1983 mpaka 1989. Taonani tsono mmene mbale za sikelo zinakhalira: mbali iyi maloya a Boma a kumudzi, mbali inayo anthu awiri amene anatsogolerapo ofesi yozenga milandu yotchuka koposa m'dziko lonselo. Mu May 2007 kampani inavomera mlandu wonamiza anthu za mankhwala ake, nilipira pafupifupi $600 miliyoni. Akuluakulu atatuwo, a Michael Friedman, a Howard Udell ndi a Paul Goldenheim, anavomera mlandu waung'ono umene sufuna umboni wakuti munthu anachita dala. Chindapusa chawo pamodzi chinali $34.5 miliyoni, ndipo aliyense analamulidwa kugwira ntchito yothandiza anthu maola 400. Palibe anagona m'ndende ngakhale usiku umodzi, ngakhale kuti makolo a ana omwalira anafika ku Abingdon pa tsiku la chigamulo atanyamula zithunzi za ana awo.

M'dziko lomwelo, mu 1995, munthu wina wotchedwa Leandro Andrade anaba matepi a kanema 9 m'masitolo awiri a Kmart ku California, a mtengo wa pafupifupi $153. Popeza anali atapalamulapo kale, lamulo la chigawocho linamupatsa zaka zosachepera 50, ndipo mu 2003 Khoti Lalikulu la dzikolo linati chilangocho sichikuphwanya malamulo. Anthu a ku California anadzalifewetsa lamulolo mu 2012. Sitikunena kuti wakuba matepi akhululukidwe. Tikungofunsa kuti ndani anakwera ndege kupita ku likulu kukamuyankhulira iyeyu chitseko chili chotseka.

Apa tikudziwa chimene anzathu ophunzira zamalamulo ayankhe, ndipo yankho lawo si lopepuka. Adzati munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, ali ndi ufulu wokhala ndi loya; adzati loya si mnzake wa mlandu wa amene akumuimira; adzati dziko limene limada maloya oimira oimbidwa milandu latsala pang'ono kuyamba kumanga anthu popanda kuwazenga. Zonsezi n'zoona, ndipo ife tiziteteza limodzi nawo. Boma lili ndi apolisi, ndende ndi ndalama. Woimbidwa mlandu akapanda womuyankhulira, ngakhale wosalakwa amamira. Chimene tikutsutsa si ntchito yoimira munthu pa mlandu. Tikutsutsa malo amene ntchitoyo yasamukira, kuchoka pabwalo kupita kuchipinda.

Kusiyana kwake kunaoneka bwino pa nkhani imene inakhudza anansi athu a ku Mozambique, kuphatikizapo abale athu oyankhula Chichewa a ku Tete ndi ku Niassa. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a Boma la dzikolo anakongola pafupifupi $2 biliyoni kudzera ku banki ya Credit Suisse ndi ya VTB, ponena kuti n'zogulira zombo zophera nsomba ndi zolondera nyanja. Gawo lalikulu la ngongolezo linabisidwa kwa Nyumba ya Malamulo ndi kwa anthu. Zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metical inagwa, ndipo mtengo wa zinthu unakwera kwa mlimi amene chombocho sanachionepo. Popeza ndalamazo zinadzera m'mabanki a ku New York, mlandu unakazengedwa ku Brooklyn, kumalo komwe kuja Mayi White anagwirako ntchito.

Woyamba kuima pabwalo anali Bambo Jean Boustani, wogulitsa malonda wa kampani yopanga zombo ya Privinvest. Maloya awo, a Michael Schachter ndi a Randall Jackson, onse awiri anali atagwirapo ntchito yoimira Boma ku Manhattan. Woyambayo anazenga nawo mlandu Mayi Martha Stewart mu 2004, wachiwiriyo anazenga antchito a Bernard Madoff, mbava yotchuka ya pa Wall Street. Mu December 2019 anthu wamba 12 osankhidwa kugamula mlanduwo anati Bambo Boustani alibe mlandu. Ambiri ku Maputo anakhumudwa. Koma ife, ngakhale mtima ukuwawa, pa ichi sitidandaula. Mboni zinayankhula poyera, makalata anawerengedwa poyera, atolankhani analemba, ndipo anthu a ku Mozambique anamva m'bwalo limenelo zambiri zimene kwawo zinkabisidwa. Loya amene wapambana motero wagwira ntchito yake moyenera. Bwalo lomwelo ndilo linapeza olakwa Bambo Manuel Chang, amene anali Nduna ya Zachuma, mu 2024, ndi kuwapatsa zaka 8 ndi theka mu 2025.

Nanga banki? Antchito ake atatu anavomera milandu yawo mu 2019. Koma Credit Suisse yeniyeniyo, mu 2021, inalandira chimene Prudential inalandira mu 1994: pangano loimika mlandu. Nthambi yake ya ku London inavomera mlandu umodzi, banki inalipira pafupifupi $475 miliyoni ku maboma a America ndi Britain, nivomera kukhululukira Mozambique ngongole ya $200 miliyoni. Ziwerengerozo n'zazikulu, inde. Koma anazipima ndani? Anagwirizana pati? Ndi akuluakulu ati a bankiyo amene anafunsidwa pamaso pa anthu kuti ankadziwa chiyani? Mlandu umene suzengedwa pabwalo umasiya mafunso oterewa opanda mwini.

Tibwerere kwa Mayi White, pakuti ulendo wawo sunathere ku Debevoise. Ataimira mabanki monga JPMorgan Chase, ndiponso Bambo Kenneth Lewis amene anali mkulu wa Bank of America pa nthawi ya chipwirikiti cha zachuma cha 2008, Pulezidenti Barack Obama anawasankha mu 2013 kukhala wapampando wa SEC, bungwe lomwe lija anaimbirako lamya. Malipiro a mpando umenewo sankafika $200,000 pa chaka, pamene ku Debevoise chaka chapitacho analandira zoposa $2 miliyoni, ndipo owakonda anati kumeneko ndiko kudzipereka. Anachitadi zina zabwino: anayamba kuumiriza makampani ena kuvomera kulakwa poyera m'malo mongolipira mwakachetechete, ndipo JPMorgan yomweyo inavomera motero mu 2013. Koma malamulo amati munthu asaweruze nkhani ya amene ankamuimira posachedwa, kapena ya kampani imene mwamuna wake akugwirako ntchito, ndipo amuna awo anali loya wa kampani ina yaikulu yoimira mabanki. Chotero pa nkhani makumi angapo wapampando ankatuluka m'chipinda, n'kusiya anzake anayi amene nthawi zina ankagawanika awiriawiri. Dziko linalemba mlonda wodziwa njira zonse za akuba, koma mlondayo anali woletsedwa kuyang'ana makomo ambiri a nyumba imene ankalonda. Phungu wa Senate, Mayi Elizabeth Warren, anawadzudzula m'kalata mu 2015, ndipo mu 2016 anapempha Pulezidenti kuti awachotse pa mpandowo. Mu 2017, Boma litasintha, Mayi White analowa pa khomo la Debevoise kachinayi.

Wina asaganize kuti ndi khalidwe la munthu mmodzi. Bambo Eric Holder, ali ku kampani ya maloya ya Covington & Burling, anaimira kampani ya nthochi ya Chiquita pamene inavomera mu 2007 kuti inkalipira gulu la zigawenga ku Colombia. Mu 2009 anakhala mkulu wa Unduna wa Zachilungamo, ndipo nthambi ya milandu yaupandu inapatsidwa kwa Bambo Lanny Breuer, a ku Covington komweko. M'nthawi yawo, mu 2012, banki ya HSBC inapezeka kuti inalola ndalama za ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, kuphatikizapo a ku Mexico, zosachepera $881 miliyoni, kudutsa m'mabuku ake. Inalipira $1.9 biliyoni pa pangano loimika mlandu, ndipo palibe wantchito wake amene anaimbidwa mlandu pa nkhaniyo. Mu 2013 Bambo Holder anauza aphungu kuti mabanki ena akula kwambiri kotero kuti kuwazenga kungagwedeze chuma cha dziko. Bambo Breuer anabwerera ku Covington mu 2013, Bambo Holder mu 2015.

Oikira kumbuyo mapangano amenewa amakonda kutchula kampani yowerengera ndalama ya Arthur Andersen, imene inagwa itapezeka yolakwa mu 2002 pa nkhani ya Enron, anthu zikwizikwi osalakwa n'kutaya ntchito, kenaka Khoti Lalikulu n'kufafaniza chigamulocho mu 2005. Phunzirolo n'lomveka: osapha kampani yonse chifukwa cha anthu ochepa. Koma ngati ndi choncho, zengani anthu ochepawo! Kampani ilibe manja. Amene anasaina ali ndi maina. Chodabwitsa n'chakuti chifundo chochitira kalaliki wosalakwa chimathera pa kupulumutsa bwana amene anasaina, ndipo chindapusa chimatuluka m'thumba la eni masheya, amene ambiri ndi anthu osunga ndalama za penshoni.

Choopsa chachikulu, m'kuona kwathu, sichili pa akuluakulu amene tawatchulawa. Chili pa mnyamata kapena mtsikana wa zaka 30 amene wangolowa kumene mu ofesi yozenga milandu, ali ndi ngongole ya sukulu, ndipo akudziwa kuti pakatha zaka zisanu adzafuna ntchito ku kampani ya maloya. Tsidya lina la tebulo kwakhala munthu amene chithunzi chake chapachikidwa m'khonde la ofesi yomweyo, amene mawa ndiye adzawerenge kalata yake yofunsira ntchito. Palibe amene amupatsa envulopu. Palibe amene amuopseza. Koma iye yekha amaphunzira kuti mlandu wotha ndi pangano umabweretsa mutu wa nkhani m'nyuzipepala popanda ngozi yogonja pabwalo, ndiponso kuti munthu waulemu, womva zifukwa za mbali inayo, ndiye amakumbukiridwa bwino. Mbuzi imadya pamene yamangidwa. Iyi imayamba kuyang'ana msipu wa kumene idzamangidwe mawa. Malamulo a America amaletsa wantchito wakale wa Boma kuimira munthu pa nkhani yomwe iye anaigwirapo, ndipo akuluakulu amaletsedwa kufikira ofesi yawo yakale kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma lamulo silingaletse munthu kuganizira za mawa lake, ndipo chaka sichichedwa kutha.

Nkhaniyi taitenga kutali, koma mbewu yake imamera paliponse pamene loya wa Boma amalandira zochepa ndipo woimbidwa mlandu ali ndi zambiri. Kuno kwathu, pamene ndalama za Boma zinabedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate mu 2013, antchito a Boma ndi amalonda angapo anazengedwa pabwalo, anthu akumva, ndipo ena anapita kundende. Njira imeneyo, ngakhale imachedwa ndi kutopetsa, tisaisinthanitse ndi ya kuchipinda. Malamulo aakulu a dziko lino anaona kale ngozi imeneyi pamene analamula kuti mkulu woimira Boma pa milandu akathetsa mlandu, apereke zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Mzimu womwewo ufike pa pangano lililonse limene Boma lingachite ndi munthu kapena kampani yoganiziridwa kuba chuma cha anthu: liwerengedwe m'khoti, woweruza akhale ndi mphamvu yolikana, ndipo maina a amene anakambirana alembedwe. Loya amene watsogolera ofesi yozenga milandu kapena bungwe lothana ndi katangale adikire zaka zoikika ndi lamulo asanayambe kugogoda pa khomo lomwelo m'dzina la woimbidwa mlandu. Ndipo popeza sitingamuletse munthu kudya popanda kumupatsa chakudya, amene atsala mu ofesi ya Boma alipidwe mokwanira kuti ukalamba uwapeze ali momwemo, monga timafunira kwa oweruza.

Amene akukhulupirirabe kuti chindapusa chokambirana kuchipinda chimaphunzitsa kampani khalidwe, amve mmene nkhani ya Purdue inapitirira. Mayi White atabwerera ku Debevoise mu 2017, ena a banja la a Sackler anali m'gulu la anthu amene ankawaimira. Mu November 2020 kampaniyo inavomeranso milandu itatu ikuluikulu, kuphatikizapo kunamiza Boma pa kayendetsedwe ka mapiritsi omwe aja ndi kupereka ndalama kwa madokotala kuti aziwalembera odwala ambiri. M'mapepala a mlanduwo munalembedwa nthawi imene chinyengo cha kunamiza Boma chinachitika. Chinafika mpaka 2017, ndipo chinayamba mu May 2007, mwezi womwewo umene kampaniyo inavomera mlandu woyamba uja wa ku Abingdon.